Nyamakazi ndi kufooka kwa mafupa: dokotala ayankha makalata a ku Mkanda

Wowulutsa: Kalata iyi yachokera ku Mkanda, kwa a Nabanda, a zaka 58. Akuti: "Zala za manja onse zimatupa, m'mawa zimauma moti pomanga chitenje ndimachita kuitana mdzukulu. Kuchipatala anandipatsa timapiritsi ta prednisolone ndipo ndinapeza bwino msanga. Titatha ndakhala ndikugula ndekha pamsika, chaka chachiwiri tsopano. Mwezi watha ndinaterereka kubafa, kungogwira pansi ndi dzanja mkono thyo! Ana akuti ndafupikanso msinkhu. Kodi wina wandichita chipongwe?"

Dokotala: Pepani mayi ndi mkonowo. Palibe wakulodzani. Pali matenda awiri apa, ndipo akuthandizana. Oyamba ndi nyamakazi yotupitsa mfundo, imene kuchipatala timati rheumatoid arthritis: chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kumalimbana ndi mfundo za mwini wake. Achiwiri ndi osteoporosis, kufooka kwa mafupa. Awa sapweteka mpaka tsiku lothyoka. Fupa limakhala ngati mtanda wa denga wodyedwa ndi chiswe, kunja bwinobwino, m'kati mphako zokhazokha.

Tsiku lililonse thupi limagumula fupa lakale n'kumanga latsopano. Kutupa kwa nyamakazi kumafulumizitsa kugumulako. Mayi akasiya kusamba, kumangako kumatsalira m'mbuyo. Ndiye prednisolone amadzawonjezera pamenepo: amafooketsa kamangidwe ka fupa, amachepetsanso calcium wolowa m'thupi kuchokera m'chakudya. Aliyense womwa mankhwalawa kupitirira miyezi 3 amayenera kutetezedwa mafupa, inu mwamwa zaka osaonedwa ndi dokotala. Kufupika msinkhuko nthawi zambiri ndi timafupa ta msana taphwanyika n'kukhalirana.

Komano mvetsetsani apa, mayi: musawasiye lero chifukwa mwamva pa wailesi. Thupi lozolowera prednisolone limaleka kupanga mankhwala akeake ofanana nawo. Mukadula mwadzidzidzi mutha kufooka, kusanza, BP kutsika, ngakhale kukomoka. Amachepetsedwa pang'onopang'ono, wochepetsa akhale dokotala. Tengani buku lanu lakuchipatala ndi timapepala tonse ta mapiritsi, ngakhale togula pamsikato, mupite pachipatala cha Mkanda. Musabise, sitikukalipirani. Pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma ku Mchinji akakujambuleni msana. Kukafunika adzakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Prednisolone amagonetsa kutupa ndi ululu. Ofunika kwa inu ndi mankhwala ogwira muzu wa nthendayi, monga methotrexate, kuti mapiritsi enawo atsike.

Ndinenepo ndithu kwa ogulitsa mankhwala pabenchi tsiku la msika: mukamuwerengera gogo prednisolone, Indocid ndi Brufen m'kapepala kamodzi, mukumugulitsa zilonda za m'mimba ndi fupa lothyoka.

Wowulutsa: Mwatchula methotrexate. Bambo wina wa kufupi ndi malire a Zambia akuti mayi akunyumba anapatsidwa mankhwala amenewa ku Lilongwe, koma amamwanso ma ARV ndi Bactrim tsiku lililonse. Akufunsa ngati zimayenderana.

Dokotala: Bambo, mwachita bwino kufunsa, ndipo musadikire tsiku la sikelo. Methotrexate ndi Bactrim sayenderana; pamodzi amatha kugwetsa magazi ndi asilikali a m'thupi moopsa. Mayiwo asamwenso methotrexate wina mpaka ataonana ndi a kuchipatala mawa lomwe, ndipo a ma ARV ndi a nyamakazi onse adziwe zimene anzawo anapereka. Ma ARV asasiye. N'zoona kuti tenofovir, amene ali m'ma ARV ambiri kuno, amachepetsako mphamvu ya mafupa, koma zimenezo n'zokambirana ndi dokotala.

Kwa onse omwa methotrexate: ndi kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse. Sankhani tsiku, kaya Lamlungu pochokera kutchalitchi, mulembe pakalendala. Folic acid amamwedwa tsiku lina. Mowa ayi, mimba ayi, ndipo magazi aziyezedwa pafupipafupi. Mukaona zilonda m'kamwa kapena kutentha thupi, thamangirani kuchipatala.

Wowulutsa: Ina ndi yaifupi. Mphunzitsi wopuma ntchito akuti mwana wawo anawagulira alendronate ku famase, koma akamwa pamtima pamawotcha.

Dokotala: Aphunzitsi, mwina ndi kamwedwe. Piritsi la 70 mg limamwedwa kamodzi pa sabata, m'mamawa musanalawe kanthu, ndi kapu yodzadza ya madzi okha, osati tiyi kapena thobwa. Mukatero khalani chilili kapena tsonga mphindi 30, osabwerera pamphasa, osadya. Calcium mumwe nthawi ina. Kuwotchako kukapitirira, kapena kumeza kukamavuta, alekeni muonane ndi dokotala. Akuyezeni impso, ndipo mukafuna kuzula dzino muwauze a mano kuti mumamwa amenewa.

Wowulutsa: Yomaliza, a Naphiri akufunsa: agogo awo aleke kumunda azingokhala? Nanga azidya chiyani, poti mkaka ndi wodula?

Dokotala: Asangokhala. Fupa losagwira ntchito limafooka msanga. Aziyenda, azisesa, azitola mtedza atakhala pampando, aziothera dzuwa. Chimene aleke ndi kusenza ndowa ndi nkhuni pamutu, ndi kuwerama ponyamula thumba la soya. Munthu wamkulu amafunika calcium wokwana 1,000 mpaka 1,200 mg patsiku. Usipa, matemba ndi kapenta zodya ndi minga yomwe zili naye wambiri. Mano akavuta, sinjani muthire m'phala kapena mu ndiwo zotendera. Bonongwe, mpiru ndi chammwamba nazonso zimathandiza. Chingambwe ndi kachasu asiye.

Kunyumbako konzani pogwa. Bafa muthire miyala yaing'ono pochita ndere, njira ya kuchimbudzi muisalaze, tochi izigona kumutu kwawo, ndodo asachite nayo manyazi. Ndipo agogo akagwa n'kulephera kuponda mwendo, musawathowe ndi madzi otentha kapena kuwakoka kuti fupa libwerere. Musawakwezenso kabaza. Pezani galimoto, agone chogona, afike kuchipatala tsiku lomwelo.