CIMFINE CA NYENGO YA CISANU: CENJEZO KWA ALIMI OPITA KU LUSAKA

Mwezi wa June ukafika, alimi ambiri a ku Petauke, Katete ndi Chipata amakwera basi kukagulitsa nshawa, mbatata ndi nyemba ku msika wa Soweto mu Lusaka. Nyengo yomweyi ndiyo imene cimfine cacikuru, cochedwa fuluwenza, cimafala koposa.

Mlimi akafika m'tauni amagona kwa abale ace ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George. Kumeneko nyumba zambiri nzazing'ono, ndipo usiku anthu amatseka mazenera onse cifukwa ca mphepo, nalowetsa mbaula m'nyumba. Mmodzi akatsokomola kapena kuyetsemula, onse amapuma tizirombo tace. Mbaulanso payokha njoopsa, pakuti mpweya wa makala m'cipinda cotseka umapha munthu ali m'tulo.

Cobvuta ncakuti nthendayi imabisala tsiku limodzi kufikira masiku 4. Motero mlimi angabwerere kwao ali wamphamvu, koma atanyamula nthenda ya kukapatsa ana ndi nkhalamba. Ndi mmenenso fuluwenza ya 1918 inayendera: inatsata njanji kucokera kumwera, nkulowa m'midzi ndi anthu apaulendo, nipha anthu ambirimbiri.

Fuluwenza imasiyana ndi cimfine wamba cifukwa imagwira mwadzidzidzi: thupi kutentha, mutu, kuphwanya m'thupi ndi kufooka. Wodwala agone payekha ngati malo alipo, amwe madzi ambiri, ndipo atseke pakamwa ndi nsaru potsokomola. Omusamala asambe m'manja ndi sopo kawirikawiri, ndipo zenera limodzi likhale lotsegula ngakhale kuzizire. Makapisozi ogula pa kantemba ndi kutaya ndalama cabe, pakuti mankhwala otere sapha kacirombo ka fuluwenza. Mwana asapatsidwe asipirini.

Oyenera kuwayang'anira kwambiri ndi ana osafika zaka 5, akazi apakati, okalamba, ndi odwala TB kapena HIV. Wodwala akayamba kupuma mofulumira, kumva kulasa m'cifuwa, kapena mwana akakana kuyamwa, cingakhale cibayo, ndipo apite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Ku Kanyama, Matero ndi Chawama kuli zipatala. Ku Kalingalinga, Mtendere ndi George kuli makiliniki.

Katemera wa fuluwenza amabayidwa caka ndi caka, pakuti kaciromboko kamasintha. Mlimi amene wamva thupi kutentha ali ku Lusaka ayambe wacira kwa abale ace asanakwere basi ya kumudzi.