KULUMIKIZA MAHEDIFONI NDI MAIKOLOFONI KU KOMPYUTA POPHUNZITSA MALIU A CINYANJA

Zolinga

Pomaliza mutu uno muyenera kukhoza:
(a) kuzindikira mapulagi ndi mabowo a zipangizo za mau;
(b) kulumikiza ndi kuyesa mahedifoni ndi maikolofoni phunziro lisanayambe;
(c) kujambula mau omveka bwino, othandiza ana kusiyanitsa maliu a Cinyanja.

Mau oyamba

Mwana ayamba ndi kumva, kenaka alankhula. Kuwerenga ndi kulemba zidza pambuyo. N'cifukwa cake mau oulutsidwa ndi ojambulidwa akhala akuthandiza aphunzitsi kwa zaka zambiri. Mwina ena a inu mukumbukira maphunziro a pa wailesi a Taonga Market, amene anayamba mu 2000. Masiku ano kompyuta imodzi itha kugwira nchito imene wailesi ndi kaseti zinali kugwira, komatu siimva kapena kulankhula bwino ngati mphunzitsi sanailumikize moyenera.

Taganizani za kalasi la Giredi 1 ku Silverest, m'boma la Chongwe, m'mbali mwa mseu wa Great East. M'kalasimo muli ana olankhula Cisoli kwao, ena Cibemba, ndipo ambiri alankhula Cinyanja ca mu Lusaka. Mwana wozolowera kunena kuti "siku" ndi "zina" apeza m'buku mwalembedwa "tsiku" ndi "dzina". Mwana wa Cibemba sanazolowere kusiyanitsa "pala" ndi "phala", kapena "kama" ndi "khama", pakuti m'cinenero cake kampweya kotere sikasintha tanthauzo la mau. Ndiponso "mtengo" womera m'thengo ndi "mtengo" wa sopo pamsika zilembedwa cimodzimodzi. Cozisiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa liu. Zonsezi zilowa kudzera m'khutu. Mau ojambulidwa akamveka mwaphokoso, kampweya ka "ph" kasowa, ndipo mwana alemba cimene wamva.

Tsiku lina ndinapita kukaona wophunzira wanga amene anali kuyesera kuphunzitsa pasukulu ina ya m'derali. Anakonza bwino phunziro lake, koma analowetsa pulagi ya maikolofoni m'bowo la mahedifoni. Theka la nthawi linathera pansi pa tebulo, iye akusinthasintha nthambo, ana akusewera. Colakwa cinali caching'ono, koma ana aja anaweruka osamva liu limene anadzera.

1. Dziwani pulagi ndi bowo lake

Pulagi yofala ndi ija yozungulira ya mamilimita 3.5. Werengani timizere tozungulira pa citsulo cake. Ya mahedifoni okha ili ndi timizere tiwiri. Ya mahedifoni okhala ndi maikolofoni, monga aja a pa foni, ili ndi titatu.

Kompyuta ya pa tebulo nthawi zambiri ili ndi mabowo olekana. Lobiriwira ndi la mahedifoni kapena masipika, la pinki ndi la maikolofoni, ndipo la buluu ndi lolandirira mau ocokera ku cipangizo cina, monga wailesi ya kaseti. Mitundu ikapanda kuoneka, yang'anani tizithunzi tojambulidwa pambali pa bowo.

Malaputopu ambiri ali ndi bowo limodzi lokha, lotumikira zonse ziwiri, ndipo lifuna pulagi ya timizere titatu. Mukalowetsa pulagi yotere m'bowo lobiriwira la kompyuta ya pa tebulo, mudzamva mau koma maikolofoni siidzagwira nchito. Pamenepo mufunika kanthambo ka mphanda, kogawa pulagi imodzi kukhala ziwiri. Kaliponso kena kophatikiza mapulagi awiri kuti alowe m'bowo limodzi la laputopu. Tinthambo tiwiriti n'tosiyana; pogula tengani mahedifoni anu mukayesere komweko. Safunsa anadya phula.

Zipangizo za USB n'zosavuta, cifukwa kompyuta izizindikira yokha, ndipo zithandiza pamene bowo lozungulira lawonongeka. Za Bluetooth zilibe nthambo, koma zifuna kuchajidwa, mau ake acedwako pang'ono, ndiponso acepa mphamvu mukayatsa maikolofoni yake. Pojambula maliu, sankhani za nthambo.

2. Njira yolumikizira ndi kuyesa

(i) Tsitsani mphamvu ya mau musanalowetse kanthu.
(ii) Lowetsani pulagi mpaka itakhazikika. Pulagi yolowa theka ipangitsa khutu limodzi kukhala cete.
(iii) Pa Windows, tsegulani Settings, kenaka System, kenaka Sound. Pa Output sankhani mahedifoni anu. Pa Input sankhani maikolofoni yanu. Mukaiwala ici, laputopu ikhoza kujambula ndi kamaikolofoni kake ka m'kati, kamene katola phokoso la kalasi lonse.
(iv) Lankhulani, muone ngati kamzere kosonyeza mau kakuyenda. Ngati sikayenda, onani pa Privacy kuti maikolofoni yaloledwa, ndiponso kuti kabatani ka pa nthambo sikanatsekedwe.
(v) Jambulani ciganizo cimodzi, mucimvere nokha.

Citani zimenezi m'mawa, ana asanalowe. Kumbukiraninso za magetsi: mu 2024, madzi atacepa ku Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maola ambiri patsiku. Chajani laputopu usiku, ndipo sungani mau anu pa foni kuti phunziro lisaime.

3. Kujambula mau omveka

Pulogalamu ya Audacity ndi yaulere ndipo ikwanira pa nchito yathu. Sankhani cipinda cacete, kutali ndi mseu, ndipo tsekani mazenera. Ikani maikolofoni pa mtunda wa masentimita 15 kucoka pakamwa, capambali pang'ono. Ici n'cofunika kwambiri m'Cinyanja: pochula "ph", "th" ndi "kh" timatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo ukaomba maikolofoni mwacindunji, m'malo mwa liu mumveka kuphulika. Mukaitalikitsa kwambiri, kampweyako sikamvekanso. Yesani ndi mau akuti "phala" mpaka mutapeza malo oyenera.

Chulani mau awiriawiri mosathamanga, ndipo siyani mpata woti mwana abwereze. Mau onga "mtengo" aikeni m'ciganizo, kuti liu likwere ndi kutsika mwacibadwa. Mukatero, jambulani mwanayo, amve liu lake pambali pa lanu. Ana ambiri adziwongolera okha akadzimva. Koma musanyoze kalankhulidwe ka kwao. "Siku" si bodza. Ndi mmene alankhulira kunyumba. Nchito yanu ndi kumuonjezera "tsiku" la m'buku.

4. Kusamala ana

Makutu a mwana akaonongeka ndi phokoso sabwerera mwakale. Mphamvu ya mau isapitirire 60 pa 100, ndipo yambani mwavala mahedifoniwo inu musanampatse mwana. Pukutani mahedifoni mwana wina asanavale. Musalumikize maikolofoni pafupi ndi sipika, kuopa kulira kolasa m'makutu. Pomaliza, liu la mwana ndi lake. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu mu 2021. Pemphani cilolezo kwa makolo kudzera mwa mphunzitsi wamkulu musanajambule, ndipo musatumize mau a ana pa WhatsApp kapena Facebook.

Zocita

1. Muli awiriawiri, tengani mahedifoni atatu osiyana. Werengani timizere ta pa mapulagi ndi kunena bowo loyenera lililonse.
2. Lembani magulu asanu a mau osiyana ndi kampweya kokha, monga "pala" ndi "phala". Ajambuleni, mnzanu alembe zimene wamva.
3. Mwalowetsa maikolofoni koma kamzere sikayenda. Fotokozani zinthu zinai zimene mudzayang'ana, motsatana.
4. Konzani phunziro la mphindi 30 la Giredi 1 pa liu la "ts", ndipo onetsani cimene mudzacita magetsi akazima.