Neti Yotchinga Dzuwa kwa Olima Maluwa a Adenium ku Naisi

Alimi a ku Naisi ndi chigwa chonse cha Domasi, duwa la Adenium ndi lija la tsinde lotupa ngati mphonda, lomwe ogulitsa amalitcha desert rose. Mtundu wina wa duwali umamera wokha m'tchire ku Liwonde National Park, ndipo umachita maluwa nyengo yozizira utayoyola masamba onse. Likakula siliopa dzuwa. Zomwe zimavutika ndi mbande za m'machubu akuda: mu Okutobala ndi Novembala chubu chimatentha, mizu imapsa, masamba n'kuyamba chikasu.

Apa ndi pomwe pafunika neti yotchinga dzuwa. Ndi yolukidwa ndi ulusi wa pulasitiki, yobiriwira kapena yakuda, ndipo imagulitsidwa pa mita m'masitolo a zipangizo za ulimi. Pogula funsani nambala yake, chifukwa ndiyo imanena kuchuluka kwa dzuwa lomwe imatchinga. Tengani ya 30 kapena 40 peresenti. Ya 80 isiyeni: mbande zimangotalika, zoonda, ndipo maluwa sabwera. Neti ya udzudzu si ya ntchito imeneyi, isiyireni ana agonemo.

Zikani mitengo ya bulugamu kapena nsungwi yotalika mamita 2, kokani neti pamwamba kuti ikungike, mumange ndi linya. M'mbali musatseke, mphepo izidutsa. Machubu muwaike pathandala, osati pasimenti yotentha. Thirirani m'mamawa, ndipo muyambe mwapisa chala m'dothi: ngati muli chinyezi, dikirani.

Ambiri amalakwitsa posiya neti chaka chonse. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikabwera, duwali limafuna dzuwa lonse. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 10 limaleka kukula ndipo silimwa madzi, choncho mukapitiriza kuthirira tsinde limaola. Chotsani neti, sunthirani maluwa kukhoma loyang'ana kumpoto komwe dzuwa limaomba nyengo imeneyi, ndipo muchepetse madzi kwambiri. Tsinde labwino limakhala lolimba mukalitsina. Lofewa ndiye kuti layamba kuola.

Neti siitchinga mvula. Dzinja likafika, maluwa apite pakhonde, ndipo dothi lake likhale losakaniza ndi mchenga wambiri wa kumtsinje.

Utomoni wa Adenium ndi poizoni. Sambani m'manja mukatha kudulira, ndipo ana ndi mbuzi asafike pomwe pali nazale yanu.