Malipiro angati angakusungeni ku Chaisa muli nokha?

Bwana akatchula malipiro, musafulumire kugwedeza mutu. Yambani mwachotsa zomwe zimadulidwa ndalama isanafike m'manja mwanu: NAPSA imatenga K5 pa K100 iliyonse, NHIMA K1. Pa malipiro a K4,000, mumatsala ndi K3,760. Mu 2024 msonkho wa PAYE unkayamba kudulidwa munthu akapitirira K5,100 pamwezi, choncho ambiri a m'makomboni sunkawakhudza.

Kenako pitani kukaona nyumba. Funsani alandilodi atatu kapena anayi mtengo wa chipinda chimodzi, ndipo musalekere pa lendi. Kodi mita ya ZESCO mugawana anthu angati? Chimbudzi ndi cha mabanja angati? Madzi mudzatunga pampopi wolipira? Dzinja likafika, madzi amalowa m'nyumba? Funso lomalizali mufunse aneba, landilodi sangakuuzeni. Chipinda chotchipa pamalo odikha madzi chimadzakulipiritsani kuchipatala, ndipo amene anaona kolera ya 2024, odwala atadzaza ku Heroes Stadium, sachita nazo chibwana.

Ulendo ndiye ubwino wa Chaisa. Komboniyi ili m'mbali mwa Great North Road, kufupi ndi tauni, moti ena amapita kuntchito wapansi. Ngati mudzakwera minibasi, werengerani kupita ndi kubwera kwa masiku onse ogwira ntchito, muwonjezepo pang'ono, chifukwa mafuta akakwera makondakitala sachedwa kukweza mtengo.

Pa chakudya, wokhala yekha amaluza chifukwa chogula pang'onopang'ono. Pamela, ufa wa m'timapaketi wa pakantemba, amaoneka wotchipa, koma pakutha mwezi mwalipira kuposa thumba la makilogalamu 25. Gulani thumba tsiku lolandira, pamodzi ndi kapenta, nyemba ndi mafuta ophikira ku Soweto Market. Malasha musawaiwale, chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba n'kuchepetsa magetsi, mbaula ndiyo inkaphika.

Bungwe la JCTR limalengeza mwezi uliwonse mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, ndipo mu 2024 unadutsa K10,000. Musaugawe pasanu n'kumati ndi gawo lanu, poti lendi ndi magetsi mudzasenza nokha.

Pomaliza lembani ndalama ya kumudzi, ya maliro ndi ya chilimba. Zonse zikaposa ndalama yofika m'manja, pezani mnzanu wogawana naye chipinda musanayambe kugogoda kwa a kaloba.