KUSANKHA MBAULA YOKHALITSA

M'nyengo yokolola, alimi ambiri akagulitsa nshawa, thonje kapena cimanga amagula mbaula pa misika ya ku Chipata, Katete ndi Petauke. Koma ambiri amayang'ana mtengo wokha. Mbaula ya lata lopyapyala imabooka dzinja limodzi lisanathe, ndipo mwini wace amagulanso ina. Kotero mbaula yochipa ndiyo imadya ndalama zambiri.

Coyamba, mlimi ayang'ane kucindikala kwa citsulo. Acikanikize ndi cala: cikapindika, acisiye. Moto wa makala, makamaka a tsanya, ndi waukali, ndipo umatha lata msanga. Mbaula yolimba koposa ndi yopangidwa ndi citsulo ca gudumu la galimoto, pakuti imapirira moto zaka zambiri.

Caciwiri, aone ziboo. Zikhale pansi ndi m'mbali momwe, kuti mphepo ilowe ndi phulusa ligwe. Ziboo zikacepa moto umazilala. Zikakula kwambiri makala amagwa asanapse.

Cacitatu ndi miyendo ndi zogwirira. Miyendo itatu imakhazikika bwino pabwalo losasalala kuposa inai. Mbaula yogwedera ndi ngozi kwa ana amene amakwawa pafupi.

Cacinai ndi waya woocherapo nyama, nsomba kapena cimanga caciwisi. Akhale wa citsulo cakuda, wokhuthala. Waya wonyezimira wa mpanda ngwopakidwa zinki, imene ikapsa imaturutsa utsi wodwalitsa munthu. Ndiponso mbaula isakhale yodulidwa ku mgolo umene munali mankhwala a thonje kapena a fodya.

Ngakhale mbaula yabwino ifuna kusamalidwa. Phulusa limasunga cinyezi, ndipo cinyezi cibala dzimbiri. Tsono moto ukazima, mai acotse phulusa, apake waya mafuta ophikira pang'ono, naike mbaulayo pakhonde kapena pansi pa nkhokwe pamene mvula siifika. Kuthira madzi pa mbaula yotentha kumapinda citsulo.

Cenjezo lalikuru nali. M'miyezi yozizira ya June ndi July, ena amalowetsa mbaula m'nyumba natseka citseko ndi mazenera. Makala oyaka amaturutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amayamba kumva mutu ndi cizungulire, nagona tulo tosauka nato. Malo a mbaula ndi pabwalo, ndipo isagone m'cipinda ndi anthu.