Alamu ya injini ya boti ikulira: tidule waya?

Funso: Bambo Mlangizi, ndimakhala ku Bangwe ndipo ndimachita geni ya usipa mumsika wa Limbe. Ndili ndi boti ku Makawa, ku Mangochi, la injini yakale ya Yamaha ya mahosipawa 60 yomwe ndinagula kwa munthu wochokera ku Joni. Alovi akuti akangothamanga kanthawi, alamu imayamba kulira ndipo injini imafooka. Ndinabwera nayo kwa makaniko wa njinga zamoto ku Ndirande, anailiza koma alamu osalira. Iye akuti ndi ukalamba chabe, tingodula waya. Ndivomere? — Mayi wa ku Bangwe

Yankho: Mayi, musavomere. Malinga ndi zomwe akufotokoza alovi anu, alamuyo sikunama. Waya wopekeseka kapena kaswichi koyeza kutentha kowonongeka kamachititsa alamu kulira nthawi ina iliyonse, ngakhale m'mamawa injini ili yozizira. Yanuyi imadikira kaye injini igwire ntchito, ndipo ikalira mphamvu zimatsika. Kufookako si matenda ena apadera ayi: injini za Yamaha za mtundu umenewu zimadzichepetsa zokha liwiro, kufika pafupifupi maulendo 2,000 pa mphindi, zikatentha mopitirira kapena oilo wa m'kathanki kake akatsika. Oiloyo mutha kumuona ndi maso lero lomwe. Ngati alimo wokwanira, chatsala ndi kutentha.

Injini ya boti ilibe ladiyeta, imadziziziritsa ndi madzi a m'nyanja momwemo. Madziwo amalowera pa tizibowo ta kumunsi kwa mwendo wa injini, pamwamba pa pulopela, ndipo amakankhidwira m'mwamba ndi impela, kagudumu ka labala kokhala ndi mapiko. Boti lokocheza pamchenga tsiku ndi tsiku limamwetsa injini mchenga, ndiye mapikowo amaperepeseka, kupindika, mwina kuthothoka kumene. Impela yotopa imatha kukoka madzi okwanira poyenda pang'onopang'ono koma n'kulephera alovi akaponda moto, ndipo zimenezi ndi zomwe mwafotokoza. Jumbo kapena udzu wa m'madzi utatseka tizibowo, zotsatira zake n'zomwezo, kungoti jumbo imagwa yokha injini ikazimitsidwa, vuto n'kuoneka ngati lachoka. Mwina alovi anena kuti kamtsinje ka madzi kotuluka kumbuyo kaja kakutulukabe. Kameneko kamangosonyeza kuti pampu ikukoka kena kake. Sikatsimikiza kuti madzi akuzungulira injini yonse. Themositati, kachitseko kolamulira kuyenda kwa madziwo, ikakakamira yotseka, kapena njira za madzi zikadzadza matope, kamatulukabe bwinobwino mutu wa injini ukupsa.

Nanga bwanji ku Ndirande sinalire? Mufunse makanikoyo kuti anailiza motani. Ngati anailiza pouma, monga achitira ndi njinga ya kabaza, impela ija inapsa pomwepo, chifukwa labala wake sapirira ngakhale mphindi imodzi popanda madzi. Ngati anaimiza mumgolo wa madzi anachita bwino, komabe injini yongolira osakankha boti lodzadza chilimira ndi anthu situlutsa kutentha kwenikweni. Mgolo ungakuuzeni ngati madzi akukwera, basi. Sindikunyoza amakaniko a m'tauni, ambiri ndi aluso zedi, koma njinga zomwe amakonza zimazizira ndi mphepo, choncho pampu ya madzi sibwera msanga m'maganizo mwawo.

Pa mfundo imodzi iye akunena zoona: pa injini zakale kaswichi koyeza kutentha kamafadi. Koma kameneko kamayesedwa, sikaganiziridwa. Akachotse, akamangirire ku mita yoyezera magetsi, akaviike m'madzi omwe akutenthetsedwa. Kabwino kamatseka pokhapokha madzi atatentha kwambiri; kakatseka madzi akadali ofunda, kagulidwe kena. Themositati nayo imayesedwa m'madzi otentha, n'kuona ngati ikutseguka. Kudula waya sikuchotsa vuto lililonse mwa awa. Akadula wa kolira kokha, injini izifookabe, alovi osadziwa chifukwa. Akazula wa kaswichi, ndiye kuti injini yataya chitetezo chonse cha kutentha, izithamanga mpaka pisitoni itamatirira, ndipo mtengo wa injini yonoka sungauyerekeze ndi wa impela.

Chinanso mufufuze, poti injiniyi inadutsa m'manja mwa ena: ambiri amachotsa pampu ya oilo n'kumasakaniza okha. Ngati yanu ili choncho, muyeso wake ndi 50 kwa 1, kutanthauza theka la lita ya oilo wa injini za boti, wolembedwa TC-W3, m'malita 25 a petulo. Oilo wa galimoto asalowemo.

Tsono asinthe impela limodzi ndi mbale yake ngati yakandika, aone themositati, atsuke njira za madzi, kenako injini ikayesedwe kunyanja boti litasenza katundu wake wa masiku onse, pafupi ndi gombe, makamaka ngati ili nyengo ya mwera. Alovi muwauze kuti ikadzaliranso achepetse moto, aone kamtsinje kaja, azimitse, atukule mwendo ndi kuchotsa chilichonse chomwe chatseka tizibowo, ndipo asailizenso mpaka itazizira.