Chitseko chotseka cha Sitandade 8

Mphunzitsi mnzanga, ndi liti pamene munauzapo mnzanu kuti, "Phunziro ili landisokoneza, tandithandizani"?

Pasukulu ina yomwe ndinkaphunzitsa panabwera mnyamata wongochoka kumene ku koleji, wakhama ndi wanzeru. Ahedi anamupatsa masamu a Sitandade 8. Teremu yonse ankaphunzitsa ana kuti pofuna peresenti ya phindu azigawa ndi mtengo wogulitsira m'malo mwa wogulira. Wogula nkhuku pa K8,000 n'kuigulitsa K10,000, ana ankati wapindula 20 peresenti, chikhalirecho ndi 25. Zinaululika pa moko ya zoni, mayeso a MANEB ali pakhomo. Anawo anakalemba ali ndi njira ziwiri zolimbana m'mutu.

Kuphonya masamu aliyense amaphonya. Chinamugwetsa ndi chitseko chomwe ankatseka. Kuseri kwa khoma lake kunali amayi ena amene anagwira kalasi yomweyo zaka zambiri. Akanangoona bolodi lake kamodzi, nkhaniyi ikanathera pomwepo. Koma iye ankaopa kuti akafunsa, tidzati kukoleji anangokadyako nsima.

Nafenso tisadziyeretse. Zizindikiro tinaziona. Pabuleki ife tili pansi pa mtengo wa mango kugawana chinangwa, iye ankatsalira m'kalasi kuchonga makope. Sikimu yake ankangopititsa kwa ahedi kukasainitsa, osaonetsa wina aliyense. Kumaphunziro a ku TDC ankakhala kumbuyo, a PEA akafunsa ngati pali funso, iye duu. Ife tinangomupatsa dzina loti Pulofesa n'kumaseka. Ndani anagogoda pachitseko chija? Palibe, ngakhale ine.

Tsono dzifunseni. Kodi mnzanu akalowa m'kalasi mwanu muli pabolodi, mtima umagunda ngati walowa wapolisi? Kodi pali mutu wina m'silabasi umene mumaulumpha chaka ndi chaka, mukunamizira nthawi? Nanga mukakumana aphunzitsi nokhanokha, mumangokamba za malipiro ndi ngongole, za ana osazitchula n'komwe? Ndipo mlendo akafunsa, mumamuyankha kapena mumamusandutsa nkhani ya pabuleki?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. M'ntchito yathuyi, phulalo amadya ndi mwana wa eni, amene anakhulupirira zonse zomwe munalemba pabolodi. Mawa tengani sikimu yanu, mukakhale nayo pafupi ndi mnzanu. Mukaona wina akudzitsekera, musadikire kuti abwere yekha. Mugogodereni.